Nyumba ya mu komboni igulidwa mu Febuluwale, osati mu Okutobala

Pitani pa Katondo Street tsiku lina, muimirire chabe muone mnyamata wa mu Lusaka akugula foni yakale. Aitembenuza uku ndi uku. Ayesa kamera, ayesa sipika, aikamo simu kadi yake, aitana mnzake kuti amve ngati mawu amveka. Afunsa ngati batire sinatupe, afunsa ngati foni si yakuba. Apita kwa wogulitsa wachiwiri ndi wachitatu kukayerekeza mtengo. Ola lathunthu litha pa chinthu cha K1,500. Manje mnyamata mmodzimodziyo, atasunga ndalama zaka zisanu, mumuone tsiku logula ploti. Aona zithunzi zinayi pa Facebook, akumana ndi ba ajenti pa filling station, azungulira mu yadi mphindi khumi, ndipo pofika Lachisanu ndalama zapita. Chinthu ichi chimandipweteka mtima, ndipo lelo ndifuna kuchikamba popanda kunyengerera munthu.

Ndimathandiza pa wailesi ya kuno kwathu, nchito yongodzipereka, ndipo mbali yanga ndi kuyankha mafoni pa pulogalamu ya nkhani za mu komboni. Kuyambira Disembala kufika Malichi, mafoni ambiri akamba nkhani imodzi: madzi alowa m'nyumba, chimbudzi chasefukira, katundu waonongeka. Koma chimene chandilembetsa lelo si mafoni a anthu osawadziwa. Ndi msuweni wanga weniweni, mwana wa amalume.

Iye ayendetsa minibasi. Anasunga za chilimba zaka zinayi, anaonjezerapo nkhongole, nagula nyumba ya zipinda ziwiri chakumadzulo kwa tauni mu Sepitembala. Tinapita kukaiona tonse, ndipo ndivomera kuti nanenso ndinaomba m'manja. Yadi inali youma gwa, fumbi lokhalokha, khoma lopakidwa penti yatsopano yabuluu kuchokera pansi kulekeza m'chiuno. Ba ajenti maso anali pa wochi: "Boss, pali wina wamene afuna kulipila mailo, so ngati muli serious chitani manje." Msuweni analipira. Mu Januwale madzi anafika m'maondo mkati mwa nyumba, ana anatumizidwa kwa ambuya awo, mipando inaola. Agogo ena a nyumba yoyandikana anamuuza kuti: "Mwana wanga, sembe munanifunsa. Apa pamene mwagula ni damu chaka chili chonse." Atapala penti ija ndi mpeni anapeza mzere wakuda wa madzi a zaka zakumbuyo. Penti inalekezera ndendende pamene mzerewo unalekezera. Lelo alipira renti kwina, alipira nkhongole, ndipo nyumba yake ikhalika m'chilimwe chokha.

Agogo aja akhala mamita khumi kuchokera pa khomo lake. Kuwafunsa kunali kwaulere. Palibe mmodzi mwa ife amene anaganiza zokagogoda.

Pali mawu amene takula nawo mu tauni muno: malo saola, gula chabe, ploti ni ploti. Ine mawu awa ndiwakana. Inde malo saola, koma malo amamira, malo amapezeka kuti ndi a munthu wina, ndipo nyumba imagwetsedwa iwe uli pomwepo ukuona. Zimene muyenera kudziwa musanagule sizili pa Facebook, ndipo sizili m'kamwa mwa ba ajenti, amene malipiro awo abwera pokhapokha inu mukagula. Zili mu mvula, zili mu maofesi, ndipo zili ndi anthu amene akhala kale pa malopo.

Tiyambe ndi mvula. Mzinda wa Lusaka wakhala pa mwala wa laimu ndi dolomite, mwala wokhala ndi ming'alu ndi mapanga. Kumwera ndi kumadzulo kwa tauni, ku Kanyama, John Laing, Misisi, Kuku ndi mbali zina za Chawama, malo ndi athyathyathya ndipo madzi a pansi pa nthaka ali pafupi kwambiri. Mvula ikagwa milungu ingapo motsatana, madzi sachokera kumwamba kokha, atulukanso pansi, ndipo alibe kotsetserekera. Mungathire matipa a dothi pa yadi, madzi n'kukutulukirani pa simenti ya kuchipinda. Izi si za dzulo. Makolo athu akumbukira chigumula cha ku Kanyama cha mu 1978, chimene chinagwetsa nyumba ndi kupha anthu. Mwala umene unali pansi pa Kanyama mu 1978 ndi womwewo uli pansi pake lelo.

Ming'alu imeneyi ndiyonso itenga za m'chimbudzi cha mnansi wanu kupita nazo mu chitsime chimene ana anu amwa. Kolera imene inayamba mu Okutobala 2017 inakula kwambiri ku Kanyama kufikira boma linaletsa anthu kuyenda usiku mu Januwale 2018, ndipo bwalo la Heroes Stadium linasanduka chipatala. Mu Januwale 2024 bwalo lomwelo linadzazanso ndi odwala, sukulu zinachedwa kutsegulidwa kufikira mu Febuluwale, ndipo m'dziko lonse anthu opitirira 700 anamwalira. Mukagula nyumba mugulanso madzi amene banja lanu lidzamwa ndi matenda amene ayenda mu msewu umenewo.

Ndiye mutu wa nkhaniyi si nthabwala. Pitani mukaone nyumbayo mu Febuluwale, tsiku lotsatira mvula yaikulu, mutavala majombo, popanda kuuza ba ajenti. Ngati simungadikire mvula, zizindikiro zake zimatsala ngakhale mu Okutobala. Onani mabuloko oyalidwa mu njira kuti anthu apondepo. Onani matumba a mchenga pa makomo ndi tizipupa tating'ono tomangidwa pa khomo kuti madzi asalowe. Onani zimbudzi: ngati za m'dera lonse zamangidwa pamwamba, zokwera ndi masitepe, ndiye kuti pansi sipakumbika, mwina ndi mwala kapena ndi madzi. Mzere wa madzi osaufuna pa nyumba imene igulitsidwa, chifukwa imeneyo yasambitsidwa. Ufuneni pa khoma la mnansi amene sagulitsa kanthu. Tsatani ngalande ndi mapazi anu kufikira muone kumene ithera. Ngalande yaikulu ya Bombay, imene inakonzedwa ndi ndalama za ku America kupyolera mu Millennium Challenge pakati pa 2013 ndi 2018, inathandiza madera amene ipitamo, koma siifika pa khomo la aliyense, ndipo ngalande yodzaza ndi mapulasitiki ndi dzenje chabe.

Pano anzanga a ku Kanyama ndi ku Chawama asandimve molakwa. Sindinena kuti musagule kwanu. Mu Kanyama momwemo muli misewu imene simira, ndipo mu Chawama muli mayadi ouma chaka chonse. Kusiyana kwake nthawi zina ndi mamita 200 chabe. Ichi ndiye chifukwa chake dzina la komboni silikwanira. Muyenera kudziwa msewu weniweniwo ndi yadi yeniyeniyo.

Tsopano mapepala, pamene ambiri a ife timachita ulesi kwambiri. Lamulo la Lands Act la 1995 linena kuti malo onse a mu Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu a dziko lino. Chimene munthu apatsidwa ndi chilolezo chokhala pa malo kwa zaka zoikika, kawirikawiri 99, ndipo umboni wake ndi title deed yochokera ku unduna wa za malo. M'makomboni amene boma linawavomereza, pepala lofala ndi occupancy licence ya zaka 30 yochokera ku khonsolo. Dongosolo limeneli linayamba ndi lamulo la 1974, ndipo lipitirira pansi pa Urban and Regional Planning Act ya 2015. Nyumba zambiri zimene kale zinali za khonsolo, monga za ku Matero, mapepala ake alembedwa ku khonsolo komweko. Awa ndiwo mapepala. Kalata ya ba cheyamani yokhala ndi chidindo si pepala la malo. Cheyamani wa chipani alibe mphamvu yogawa malo, ngakhale chipani chake chikhale mu boma. Khansala payekha alibenso mphamvu imeneyo.

Chochita sichovuta. Pemphani nambala ya ploti ndi fotokope ya pepala. Wogulitsa akakana, nkhani yatha pomwepo, bwererani kunyumba ndi ndalama zanu. Akakupatsani, pitani nokha ku Civic Centre pa Independence Avenue kapena ku unduna wa za malo ku Mulungushi House, malinga ndi mtundu wa pepalalo, mukalipire kandalama ka search. Osatuma ba ajenti. Onani ngati dzina lolembedwa kumeneko ndi lomwe lili pa NRC ya munthu amene waimirira pamaso panu. Onani ngati nyumbayo sinaikidwe chikole ku banki, ngati palibe munthu amene anaikapo caveat yoletsa kugulitsa, ndipo ngati palibe nkhongole ya ground rent kapena ya rates imene idzasanduka yanu. Ngati ndi title deed, kusintha dzina kufuna chilolezo cha boma ndi msonkho wa Property Transfer Tax ku ZRA, ndiye gwirizanani poyera kuti zimenezi ayendetsa ndani. Ndalama yonse isatuluke dzina lisanayambe kusinthidwa. Ba ajenti nawonso afunseni ngati analembetsa ku Zambia Institute of Estate Agents, muone nkhope zawo.

Amene aganiza kuti ndichulutsa mantha akumbukire zinthu ziwiri. Mu 2020 boma linaimitsa makhonsolo a Lusaka ndi Kitwe pa nkhani ya kugawa malo mosatsata lamulo. Ngati zinthu zinafika pamenepo m'nyumba ya khonsolo, nanga pansi pa mtengo pamene makada agawa maploti ndi chingwe? Mu Ogasiti 2022 ku Chingola nyumba zopitirira 300 zinagwetsedwa pa malo a bwalo la ndege la Kasompe. Ambiri mwa anthu aja sanabe malo usiku. Anagula kwa munthu, analipira ndalama zawo, anamanga ndi thukuta lawo. Chigalimoto chogwetsa nyumba sichiwerenga malisiti. Ndiye yang'ananinso kumwamba ndi m'mbali: ngati yadi ili pansi pa nthambo zikuluzikulu za ZESCO, pafupi ndi njanji, pa malo osiyidwira msewu, pamwamba pa paipi yaikulu ya madzi, kapena pa malo amene akulu a m'deralo akumbukira kuti anali bwalo la sukulu kapena msika, mtengo wake wotsika uli ndi chifukwa.

Pali msampha wina umene ugwira ngakhale anthu ochenjera, ndiwo nyumba ya banja. Mu 1996 boma la a Chiluba linagulitsa nyumba za khonsolo kwa anthu amene anali kukhalamo. Ambiri mwa makolo amene anagula nthawi imeneyo anamwalira, ndipo nyumbazo, ku Matero ndi kwina, zatsala ndi ana ndi adzukulu. Lamulo la Intestate Succession Act la 1989 linena kuti munthu akamwalira wosasiya wilu, nyumba yake ikhala ya mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana. Administrator si mwini nyumba, ndipo sangaigulitse popanda chilolezo cha khoti. Mwana woyamba kubadwa akabwera ndi mapepala a malemu atate ake nati "bonse tinamvana", funsani kuti onsewo ali kuti. Pemphani kuona chilolezo cha khoti ndipo mukumane ndi ana ena maso ndi maso. Mukapanda kutero, tsiku lina mlongo wake wa ku Kitwe adzafika ndi loya, inu mutamanga kale mpanda.

Chachitatu ndi anthu okhala pamenepo, ndipo awa ndiwo adziwa zimene ofesi iliyonse siingakuuzeni. Amayi ogulitsa madzi pa kiyosiki adziwa masiku angati pa mlungu mpopi utulutsa madzi. Wa pa kantemba adziwa ngati nyumbayo inagulitsidwapo kale kwa munthu wina, chifukwa anamuona akubwera kudzalira. Womanga nyumba wa m'deralo adziwa ngati pansi pali mwala wofuna kuswa ndi moto. Anyamata opopa zimbudzi adziwa misewu imene galimoto kapena ngolo yawo siingalowe. Kondakitala adziwa ola limene basi yomaliza ichoka mu tauni, ndi mtengo wake mvula ikagwa. A Ward Development Committee adziwa mikangano ya malire imene yakhala zaka. Pitani Lachisanu usiku mumve nyimbo za mu bala yapafupi, mufunse ngati majanki salanda mafoni pa kona imeneyo. Pitani 05:00 m'mawa muone mzere wa mabasi ndi mzere wa zigubu. Yendani wapansi kuchokera pa nyumbayo kufika ku chipatala cha Kanyama, Matero kapena Chawama, muganizire ulendo umenewo pakati pa usiku muli ndi mkazi wodwala pakati. Ngati n'kotheka, chitani renti chipinda chimodzi m'deralo kuyambira Disembala kufika Malichi. Renti ya miyezi inayi ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi imene msuweni wanga anaimiza m'madzi.

Ndidziwa zimene ena a inu munena, chifukwa mumandiuza pa foni. Woyamba akuti, "Ise tilibe ndalama, tigula pamene tikwanisa." Ndimva, nanenso ndikhala pa renti. Koma wolemera akagula ploti yoipa agulanso ina chaka chamawa. Iwe ndi ine tidzagula kamodzi chabe moyo wathu wonse, ndipo ndalama yake ndi ya chilimba, ya penshoni ya atate kapena ya kaloba. Wosauka ndiye ayenera kufufuza kwambiri kuposa wina aliyense. Ndiponso kufufuza sikutanthauza kukana nyumba iliyonse imene ili ndi vuto. Ngati wadziwa kuti yadi imalowa madzi pang'ono, ungagule ndithu, koma pa mtengo wa yadi yolowa madzi, utawerengera ndalama yokweza maziko. Kugula vuto ukulidziwa ndi kusankha kwako. Kuligula pa mtengo wa nyumba yabwino ndi kuberedwa.

Wachiwiri akuti, "Nikachedwa ploti izapita." Ipite. Mu Lusaka nyumba zigulitsidwa tsiku lililonse. Mawu akuti pali wina afuna kulipira mawa ndi chida cha nchito cha ba ajenti, monga mmene sipanala ilili kwa makanika. Wogulitsa wachilungamo sataya kanthu mukatenga milungu iwiri kuchita search. Amene aopa milungu iwiri aopa chimene mudzapeza.

Wachitatu akuti udindo ndi wa boma ndi khonsolo: akonze ngalande, agwire makada, afulumizitse mapepala. Ameneyu akamba zoona, ndipo pa wailesi sitidzaleka kuwafunsa. N'zochititsa manyazi kuti munthu wamba alibe malo amodzi pamene angapite kukaona mosavuta misewu imene imira chaka ndi chaka. Maofesi amachedwa, mizere ndi yaitali, nthawi zina ubwerera kawiri katatu. Koma masiku atatu pa benchi ya ofesi ndi ochepa kuposa zaka zitatu pa benchi ya khoti. Ufulu wodandaula za boma suchotsa madzi m'chipinda mwanu, ndipo ndalama ikapita kwa wogulitsa amene foni yake yazima, palibe nduna idzakubwezerani.

Kufufuza kuonetsanso zabwino zimene maso othamanga saona. Ku George kunaikidwa madzi a m'mipopi ndi thandizo la dziko la Japan m'zaka za m'ma 1990. Ku Mtendere kunayalidwa mapaipi a suweji ndi ndalama zomwe zija za Millennium Challenge, ndipo funso loti mufunse ndi lakuti nyumba imene mufuna inalumikizidwa kapena ayi. Onani Kalingalinga. Kale anthu anali kuinyoza, koma yakhala pafupi ndi UNZA, pafupi ndi Great East Road, ndipo Alick Nkhata Road ipita pomwepo. Lelo m'mbali mwa msewu umenewo mwamera masitolo, maofesi ndi nyumba zogona ophunzira. Anthu a ndalama amene anagula mayadi kumeneko sanalote maloto. Anayang'ana mapu, anafunsa za misewu, anatuma maloya awo kukachita search. Iwo afufuza makomboni athu mosamala, pamene ife obadwiramo tigula ndi kugulitsa ngati tigula tomato pa Soweto.

Chimene chitilepheretsa si kusowa nzeru. Ndi manyazi. Tiopa kuti wogulitsa adzaganiza kuti sitimukhulupirira, tiopa kuoneka ngati tilibe ndalama, tiopa kufunsa munthu wamkulu pepala la khoti chifukwa tinaphunzitsidwa ulemu. Makolo omwewo amene anatiphunzitsa ulemu anatiuzanso kuti safunsa anadya phula. Mungagwade, munganene kuti pepani atate, koma NRC ndi pepala muzione.

Msuweni wanga akuti akatsiriza nkhongole adzagulitsa nyumba ija. Tsiku lina anandifunsa ngati ndidziwa munthu wopaka penti wotchipa. Ndinamuuza kuti akapaka penti ndi kugulitsa mu Okutobala, ine ndidzakhala pa khomo la agogo aja kudikira wogula, ndipo ndidzamuitana kuti abwere amwe nawo tiyi. Sanaseke. Koma wina ayenera kuleka, chifukwa nyumba imeneyo yadya kale anthu angapo, ndipo wotsatira angakhale inu amene muwerenga nkhaniyi pa foni yanu ya pa Katondo Street.